M'bona wa ku Khulubvi, Mwini Mvula ndi Mlonda wa Msitu

M'boma la Nsanje, kumunsi kwa chigwa cha Shire, muli msitu wotchedwa Khulubvi. Kunja kwake kuli midzi ndi minda, koma mkati mwake nkhwangwa siloledwa. Msituwu ndi manda ndiponso kachisi wa M'bona, munthu amene Amang'anja akhala akumutchula pa nkhani ya mvula kwa zaka mazana anayi. Mbiri yake inasungidwa pakamwa, ndipo akuluakulu a madera osiyanasiyana amaisimba mosiyanako, koma onse amagwirizana pa mfundo zitatu: M'bona ankadziwa kuitana mvula, anaphedwa chifukwa cha nsanje, ndipo pamene anaikidwa mutu wake panasanduka malo opatulika.

M'bona anakhala ndi moyo m'nthawi ya maufumu a Amaravi, pamene ufumu wa Lundu unkakula mphamvu m'chigwa cha Shire. Wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anatha zaka zambiri akufufuza mbiriyi ndipo anailemba m'buku lotchedwa River of Blood m'chaka cha 1992, anaika chiyambi cha chipembedzo cha M'bona monga chikudziwikira lero cha m'ma 1600. Osimba ambiri amati kwawo kwa M'bona kunali kumpoto, cha ku Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, kumene Achewa amati ndiko kunayambira anthu. Amatinso anali mwana wa mlongo wake wa Mlauli, mkulu amene anali ndi udindo wopempha mvula.

Chaka china, amatero akuluakulu, dziko linagwa m'chilala choopsa. Mitsinje inaphwa, mbewu zinapserera m'minda, ndipo ziweto zinayamba kufa. Mlauli anavina gule wa mvula monga mwa mwambo, koma kumwamba kunali mbee. Anthu atasowa pogwira anapempha mnyamata M'bona kuti ayese. Iye atavina, mitambo inasonkhana ndipo mvula inagwa yochuluka. Chimene chinasangalatsa mudzi chinawawitsa mtima wa malume ake, pakuti ulemu umene unali wa mkulu unapita kwa mwana. Anayamba kumunenera zaufiti, ndipo M'bona ataona kuti moyo wake uli pachiswe anathawa kulowera kummwera.

Ulendo wothawawo ndiwo umasonyeza bwino kuti anthu ankamuona M'bona ngati munthu wotani. Amasimba kuti akamva ludzu pamalo pamchenga ankatulutsa chitsime, ndipo akafuna pobisala ankameretsa nkhalango pamene panali poyera. Adani akamuyandikira ankasanduka nkhanga n'kuwazemba. M'malo ena amene anapumako anthu amalozabe zizindikiro pa miyala, zimene amati ndi mapazi ake. M'nkhani zonsezi palibe pamene M'bona akusolola uta kapena kukwera pa mpando wachifumu. Zimene ankasiya m'mbuyo mwake zinali madzi ndi mitengo.

Adaniwo anamupeza pafupi ndi madambo a kumunsi kwa Shire, pamalo otchedwa Ndione. Amati mikondo ndi mipeni zinalephera kumulasa, kufikira iye mwini atawaululira kuti chingamuphe ndi tsamba la bango. Anamudula mutu ndi tsambalo, ndipo magazi ake anayenderera n'kusanduka dziwe. Mutuwo unaikidwa ku Khulubvi, kumene anthu anamanga kachisi. Kuyambira pamenepo mafumu ndi anthu awo anayamba kupitako ndi nsembe mvula ikachedwa, dzombe likagwa kapena mliri ukabuka. Pakachisipo pankakhala mayi wotchedwa Salima, amene ankatengedwa ngati mkazi wa M'bona, ndipo ankati mzimu wa M'bona umamuyendera m'maonekedwe a nsato.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake dzina la M'bona linazika mizu chonchi, ayenera kulidziwa dziko limene anaferamo. Chigwa cha Shire n'chotsika kuposa madera ena onse a Malawi, n'chotentha kwambiri, ndipo mvula yake ndi yochepa komanso yosadalirika. Komabe madzi a m'nyanja ya Malawi amadutsa momwemo popita ku Zambezi, ndipo mtsinje wa Ruo, wochokera ku phiri la Mulanje, umathira mu Shire pa Chiromo. Choncho dziko lomwelo limene limapsa ndi chilala limamiranso ndi madzi. Amang'anja anaphunzira kukhala nazo zonse ziwiri. Ankalima mapira ndi mchewere kumphala, kumene amadalira mvula, ndipo madzi osefukira akaphwera ankatsikira kudimba kukabzala pa dothi lachonde limene mtsinje wasiya. Munda wina ukakanika, wina unkapulumutsa banja.

Malamulo a ku Khulubvi anabadwira m'moyo wotere. Mumsitumo saduliramo mtengo, sasakamo nyama, ndipo munthu salowamo mwachisawawa. Amene anaika malamulowa ankalemekeza mzimu, koma zotsatira zake ndi zimene akatswiri a sayansi ya zachilengedwe amaphunzitsa lero. Phunziro loyamba la sayansiyi ndi lakuti palibe chamoyo chimene chimakhala pachokha. Zomera, nyama, tizilombo, nthaka, madzi ndi mpweya za pamalo amodzi zimadalirana ngati anthu a banja limodzi. Mtengo umagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa kupanga chakudya m'masamba ake. Mbozi imadya tsamba, mbalame imadya mbozi, ndipo mbalameyo ikadya zipatso imakamwaza njere kutali. Masamba akayoyoka, chiswe, bowa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso zimawaoletsa n'kubweza chonde m'nthaka. Nayo nsato ili ndi ntchito yake, pakuti imadya makoswe amene akanachuluka akanatha mbewu m'minda ndi m'nkhokwe. Chimodzi mwa izi chikachotsedwa, zotsalazo zimavutika.

Phunziro lachiwiri ndi la kayendedwe ka madzi. Dzuwa likatentha nyanja ndi mitsinje, madzi amakwera ngati nthunzi, amapanga mitambo, kenako amagwa ngati mvula. Mitengo nayo imakoka madzi pansi ndi mizu n'kuwatulutsira mumlengalenga kudzera m'masamba. Msitu umodzi paokha sungagwetse mvula ya dziko lonse, chifukwa chinyezi chambiri chimabwera ndi mphepo zochokera kutali, monga ku nyanja yamchere ya India ndi ku nkhalango za Congo. Koma msitu ndiwo umalamula chimene chimachitika mvula ikafika pansi. Masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimagwira madzi kuti alowe m'nthaka pang'onopang'ono, ndipo mizu imamanga dothi. Madzi olowa pansiwo ndiwo amadzatuluka m'chilimwe ngati akasupe ndi zitsime. Paphiri pometedwa, madzi amathamanga pamwamba, amakokolola nthaka, amakwirira mitsinje ndi mchenga, ndipo mtsinje wokwiririka suchedwa kusefukira. Amene anasimba kuti M'bona ankasiya chitsime ndi nkhalango pa ulendo umodzi anaika pamodzi zinthu ziwiri zimene sizisiyana.

Phunziro lachitatu limakhudza anthu. Kwa otsatira M'bona, chilala sichinali tsoka la munthu mmodzi. Chinkatengedwa ngati chizindikiro chakuti m'dziko mwalakwika kanthu, ndipo mafumu ndi anthu wamba ankayenera kudzifufuza. Nsembe inkasonkhedwa kuchokera m'midzi yambiri, ndipo kachisi akagwa ankamangidwanso ndi manja a anthu ambiri. Motero dziko linkaonedwa ngati chuma cha onse, chimene ngakhale mfumu siingachite nacho mmene ikufunira. Schoffeleers ndi anzake anatcha akachisi otere alonda a dziko, ndipo dzinali ndilo mutu wa buku lawo la 1979, Guardians of the Land. Akatswiri a masiku ano amavomereza kuti nkhalango, dambo kapena dziwe la nsomba zimasungika bwino pamene eni dera ali ndi malamulo amene onse akuwadziwa ndi kuwalemekeza.

Mphamvu ya kachisiyu inaonekanso m'nthawi ya atsamunda. M'zaka za m'ma 1950 boma linakakamiza alimi kupanga mizere m'minda pofuna kuteteza nthaka. Anthu ambiri a m'chigwa anakana, ndipo mawu ochokera kwa olosera a M'bona anali kumbali yawo. Mizere yopingasa imathandizadi pamalo otsetsereka, koma alimi a m'chigwa ankaona kuti dothi lawo lamchenga ndi lathyathyathya likufuna kalimidwe kena. Mkanganowo unasonyeza kuti dera lililonse lili ndi chikhalidwe chake, ndipo lamulo losamalira nthaka lopangidwa popanda kumva eni nthakayo silipita patali.

Lero chigwa cha M'bona chili pa mayeso aakulu. Anthu achuluka, mitengo ya m'mapiri yatha ndi makala ndi nkhuni, ndipo minda yafika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Madzi osefukira a 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anagwetsa nyumba, anakwirira minda ndi kutenga miyoyo m'maboma a kummwera, kuphatikizapo Nsanje ndi Chikwawa. Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo dambo limene kale linkamwa madzi ochuluka likasandutsidwa munda kapena mudzi, madziwo amabwerabe. Dziko layamba kuzindikira kufunika kwa malo otere. Mu 2011 Malawi inaika Khulubvi ndi malo ena opatulika a M'bona pa mndandanda wa malo amene ikufuna kuti bungwe la UNESCO liwavomereze ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo mu 2017 dambo la Elephant Marsh linalowa m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar.

Komabe chimene chasunga Khulubvi kufikira lero si kalata ya boma kapena mpanda wa waya. Ndi mibadwo ya anthu amene, ngakhale m'zaka za njala, ankadutsa pafupi ndi mitengo ikuluikulu atanyamula nkhwangwa koma osaidula. Aliyense amene wasonkhana pa mwambo uno ali ndi phiri, mtsinje kapena manda a makolo kwawo, kumene mitengo yatsala yowerengeka. Ulemu woyenera M'bona ndi wakuti mafumu ndi anthu awo akhale pansi, agwirizane malo amene nkhwangwa ndi moto siziyenera kufika, ndipo ana awo akule akudziwa chifukwa chake.