Samuel Josia Ntara

Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi komanso mmodzi mwa Amalawi oyamba kulemba mabuku m'Chinyanja, chinenero chimene tsopano chimatchedwa Chichewa. Anabadwa mu 1905 ndipo anamwalira m'zaka za m'ma 1970. Dzina lake limalembedwanso kuti Nthara kapena Nthala.

Mishoni imene inamuphunzitsa

Ntara anaphunzira ndi kugwira ntchito pansi pa mishoni ya Dutch Reformed Church yochokera ku South Africa. Mishoniyi inayamba ku Mvera m'boma la Dowa mu 1889, m'dziko la mfumu ya Angoni Chiwere, inafika ku Kongwe, kufupi ndi mapiri a Ntchisi, mu 1894, kenako ku Nkhoma mu 1896. Sukulu zinali za mishoni, makina osindikizira mabuku analinso a mishoni, ndipo mishoniyo inkadana kwambiri ndi nyau. Mchewa wofuna kuti zolemba zake zisindikizidwe ankadziwa bwino amene adzayambe kuziwerenga.

Nthondo

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, Ntara ali mphunzitsi, anapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa umene unkakonzedwa ndi bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. Buku lakelo, Nthondo, linasindikizidwa ku Nkhoma mu 1933. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa: mnyamata wosamva ndi wakuba, wopita kutali kukafuna ntchito, wobwerera kwawo n'kulowa ufumu, ndipo pomaliza wotembenuka mtima n'kukhala Mkhristu.

Mathero amenewa ndi amene amishoni ankayembekezera, ndipo n'chifukwa chake ena amaliwerengera bukuli m'gulu la nkhani zokopa anthu kulowa mpingo. Komabe mphamvu yake ili m'masamba ofotokoza za m'mudzi, monga kubadwa kwa mwana, maliro, milandu ya pabwalo ndi udindo wa abale a kuchikazi. Zimenezi Ntara anazilemba ngati mwini mudzi, pa nthawi imene nkhani za Achewa zinkalembedwa kwambiri ndi alendo.

Mu 1934 Thomas Cullen Young, amene anakhalapo mmishoni wa Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi, ndipo wasayansi Julian Huxley analemba mawu oyamba. Mutu unasintha n'kukhala Man of Africa. Dzina la Nthondo linachoka pachikuto, ndipo munthu wa mudzi wake ndi abale ake anasanduka chitsanzo cha anthu akuda onse, choti owerenga a ku Britain aonerepo mmene Mwafrika amaganizira. Kumasuliraku kunatchukitsa Ntara kunja, ngakhale kuti kunamuika pakati pa anthu oyenera kufotokozedwa ndi azungu ophunzira.

Msyamboza wa ku Chibanzi

Buku limene limamanga Ntara ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi Msyamboza, mbiri ya nyakwawa ya mudzi wa Chibanzi, kufupi ndi Kongwe, imene inamwalira mu 1926. Msyamboza anakula m'nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Pambuyo pake analandira sukulu ndi Chikhristu, analetsa nyau m'mudzi mwake, ndipo anayamba kulima tirigu mothirira. Nayenso, monga Nthondo, akumaliza ali mumpingo, koma m'bukuli mwini nzeru ndi iyeyo: ndiye amene akusankha chotenga kwa alendo ndi chosiya. Amishoni ndi aboma akungodutsa m'nkhani ya Mchewa.

Young anamasuliranso bukuli mu 1949 pa mutu wakuti Headman's Enterprise, ndipo mutu wake waung'ono unalitcha tsamba losayembekezereka m'mbiri ya pakati pa Africa. Kwa anthu a ku Chibanzi, amene anadya tirigu wa Msyamboza, munalibe chodabwitsa m'nkhaniyi. Odabwawo anali owerenga a kutsidya kwa nyanja.

Mabuku ena

Mbiri ya Achewa, imene inatuluka chapakati pa zaka za m'ma 1940, inasonkhanitsa zimene akuluakulu ankasimba za chiyambi cha Achewa, Kalonga ndi mafumu ena. Bukuli linathandiza Achewa, amene mabuku a atsamunda ankangowaphatikiza m'dzina la Anyanja, kudziona ngati mtundu wokhala ndi mbiri yawoyawo. W. S. Kamphandira Jere analimasulira m'Chingerezi, ndipo linasindikizidwa ku Germany mu 1973 pamodzi ndi ndemanga za Harry Langworthy. Ntara analembanso Nchowa, nkhani ya mkazi, ndi mbiri ya m'busa Namon Katengeza.