Oscar Asche

Oscar Asche anabadwa m'chaka cha 1871 ku Geelong, m'dziko la Australia. Atate wake anali a ku Norway, ndipo mnyamatayo atakula anaoloka nyanja kunka kwao kwa atate wake kukaphunzira kuchita masewero. Pambuyo pake anafika ku England, nagwira ntchito zaka zambiri m'gulu la F. R. Benson, lochita masewero a Shakespeare. Komweko anakwatira Lily Brayton, mkazi wa ntchito yomweyo.

M'chaka cha 1916, nkhondo yaikulu ili mkati, anaonetsa ku London sewero la nyimbo limene analemba yekha, lotchedwa Chu Chin Chow, lochokera ku nthano ya Ali Baba ndi mbala makumi anayi. Iye mwini, munthu wamkulu thupi, anakhala mkulu wa mbalazo. Asilikali odzapumula analikonda ndithu, ndipo linaonetsedwa nthawi zoposa 2,000 kufikira 1921.

Chuma chinachuluka, koma kusunga kunamkanika. Anachimwaza pa agalu a liwiro ndi pa munda wosapindula, nagwa m'ngongole. Atakalamba anasewera m'kanema, monga Scrooge wa 1935. Anamwalira mu 1936 ali wosauka.