André Schwarz-Bart, Mlembi Amene Analira Maliro ndi Buku

Ndifuna kukuuzani, aphunzitsi ndi anzanga, mbiri ya mlembi wina wa mtundu wa Ayuda, dzina lace André Schwarz-Bart. Iye anabadwa pa 23 May, 1928, mu mzinda wa Metz m'dziko la France, kwa makolo ocokera ku Poland.

Pa nkhondo yaikuru yaciwiri, asilikari a Hitler analanda France m'caka ca 1940, nayamba kusaka Ayuda. Atate ndi amai ace a André anagwidwa, natengedwa ku ndende ya Auschwitz, kumene anthu oposa 1,000,000 anaphedwa, ambiri a iwo ndi mpweya wakupha, mitembo yao nitenthedwa. Makolowo sanabwerenso. Mnyamatayo, asanafike msinkhu wangawu, analowa gulu la mobisa lomenyana ndi Ajeremani. Itatha nkhondo anagwira nchito zamanja, nadziphunzitsa yekha pakuwerenga mabuku.

M'caka ca 1959 anaturutsa buku la nthano yopeka, lochedwa m'Cingerezi The Last of the Just, limene linapata mphotho ya Goncourt, yomveka koposa m'dziko la France. Ayuda ali ndi nthano yakale yakuti mu mbadwo uli wonse mumakhala anthu olungama 36 osenza zowawa za dziko lonse. Pa nthanoyi André anamangapo mbiri ya banja la Levy, kuyambira ku York ku England zaka mazana ambiri zapitazo, kufikira mnyamata wotsiriza, Ernie Levy. Ernie adzipereka yekha ku ndende ya Drancy kutsata Golda wokondedwa wace. M'sitima yopita ku Auschwitz atonthoza ana amasiye, ndipo potsiriza afa nao pamodzi.

Kapena wina afunsa kuti, n'cifukwa ninji kupeka nthano pa zinthu zimene zinacitikadi? Ine ndiganiza motere. Kwathu ku Tukombo maliro owawa koposa ndi a msodzi womira m'nyanja mtembo wace osapezeka, pakuti abale alibe manda oti akaimepo. Makolo a André analibenso manda. Tikamva kuti Ayuda 6,000,000 anaphedwa, mutu ungozungulira, misozi osaturuka. Koma Ernie timdziwa kuyambira ubwana wace, kotero akamafa tilira, ndipo polira iyeyo tilira onse aja.

André sanaganize za mtundu wace wokha ai. Anakwatira Simone, mkazi wakuda wa ku Guadeloupe, cisumbu ca ku West Indies kumene Aafrika anatengedwa ukapolo. Mu 1972 anaturutsa buku lina lonena za Solitude, mkazi amene anaphedwa mu 1802 cifukwa ca kukana ukapolo. André anamwalira pa cisumbu comweco pa 30 September, 2006.

Caka comwe buku lace loyamba linaturuka, pa 3 March, 1959, asilikari a boma la atsamunda anaombera anthu pa doko la Nkhata Bay, anthuwo atasonkhana cifukwa ca abale ao omangidwa m'sitima ya Mpasa, ndipo anafa osacepera 20. Agogo amene anaona zimenezi atsala owerengeka. Cifukwa cace ndipempha anzanga odziwa kulemba kuti pa chuthi cikudzaci tikakhale pansi ndi agogowo, tikafunse maina a akufawo ndi makhalidwe ao, kuti nafenso tilembe iwo asanatisiye.