David Livingstone

David Livingstone (19 Malichi 1813 – 1 Meyi 1873) anali dokotala komanso mmishonale wa ku Scotland. Mzinda wa Blantyre unatenga dzina la tauni imene iye anabadwira, pamene mpingo wa Church of Scotland unatsegula mishoni yake mu 1876.

Moyo wake

Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito mufakitale ya thonje. Anaphunzira udokotala ku Glasgow ndi ku London, ndipo anafika ku South Africa mu 1841. Mu 1859 anakwera mtsinje wa Shire mpaka kufika ku nyanja ya Malawi. Anamwalira m'mudzi wa mfumu Chitambo ku Zambia.

Livingstone ndi malungo

Malungo anamugwira kambirimbiri pa maulendo ake. Anapanga mapiritsi osakaniza kwinini ndi mankhwala otsegula m'mimba, omwe anatchuka ndi dzina loti Livingstone's Rousers. Kwinini ankathandizadi, koma sankapulumutsa aliyense. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862 pafupi ndi Chiromo mankhwala ake atamira ndi bwato, ndipo mu Epulo chaka chomwecho mkazi wa Livingstone, Mary, anamwalira ku Shupanga.

Monga madokotala ambiri a nthawi yake, iye ankaganiza kuti matendawa amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Kachilombo ka malungo kanapezeka mu 1880, ndipo zoti udzudzu ndiwo umakafalitsa zinadziwika mu 1897.

Zimene zinadziwika iye atamwalira

Chimene chimatenthetsa thupi ndi chitetezo cha thupi lomwelo. Tizilombo tikaswa maselo ofiira a magazi, maselo oyera amatulutsa timapuloteni totumiza uthenga totchedwa cytokine, monga TNF ndi interleukin-1. Uthengawo ukafika ku mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus, ubongo umakweza mlingo wa kutentha. N'chifukwa chake wodwala amanjenjemera ndi kupempha bulangete thupi lili moto. Panado amatsitsa mlingowo koma sapha tizilombo.

Mbali ina ya nkhaniyi inafufuzidwa mumzinda wa Blantyre momwemo. Mu 1989, ofufuza kuphatikizapo Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi Jack Wirima anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa ana odwala malungo aakulu pa chipatala cha Gulupu, komwe ana a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa amatumizidwa akadwalika. Anapeza kuti ana amene anamwalira anali ndi TNF yambiri m'magazi kuposa amene anachira.