Henry Masauko Chipembere, Mwana wa Kunyanja

Anthu a kumtunda, ozoloŵera chiperoni cha ku Blantyre ndi Thyolo, akhala akunena kuti dzuŵa la kunyanja limafooketsa mutu, ndi kuti mwana wa kumeneko amadziŵa bwato ndi khoka, osati buku. Ngakhale aphunzitsi ena amatero, ndipo ndi zachisoni. Koma munthu akaima pagombe la Nkope naponya maso kutsidya, amaona mapiri a ku Malindi, kwao kwa a Henry Masauko Chipembere.

Iwo adabadwira ku Kayoyo, m'boma la Ntchisi, pa 5 Ogasiti 1930. Bambo awo, a Habil Chipembere, adali wansembe wa mpingo wa Anglican. Adaphunzira ku Blantyre Secondary School, ku Goromonzi, kenaka ku Fort Hare, m'dziko la South Africa. Mu 1956 adasankhidwa kuloŵa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo adali mmodzi mwa anyamata amene adaumiriza Dr Banda kubwera kumudzi mu 1958.

Nduna zitasemphana ndi Dr Banda mu 1964, a Chipembere adatula udindo wa Nduna ya Maphunziro nabwerera ku Malindi. Pa 12 Febuluwale 1965 adalanda boma la Fort Johnston ndi anthu pafupifupi 200, koma pa Liwonde adapeza pantoni itamangidwa kutsidya kwa Shire. Ulendo wa ku Zomba udathera pomwepo. Kuyambira pamenepo anthu a ku Mangochi adasenza dzina lina, la zigaŵenga, ndipo ambiri adatsekeredwa osazengedwa mlandu.

A Chipembere adathaŵira kunja, ndipo adamwalira ndi matenda a shuga ku Los Angeles pa 24 Seputembala 1975.