JACKIE SEWELL: MNGELEZI AMENE ANATSOGOLERA TIMU YA ZAMBIA

Anyamata amene amamenya mpira m'mabwalo a ku Chama ayenera kudziwa kuti kaputeni wa timu ya dziko lino pa masiku a Ufulu anali Mngelezi, malemu Jackie Sewell.

Bambo Sewell anabadwa m'caka ca 1927 ku Whitehaven, ku Mangalande. Anayamba kuchuka ku Notts County, ndipo mu 1951 timu ya Sheffield Wednesday inawagula ndi mapaundi 34,500, mtengo umene unali usanaperekedwepo pa wosewera aliyense m'dziko limenelo. Mu 1953 anasewera pa Wembley tsiku limene Hungary inacititsa manyazi Angelezi ndi zigoli 6 kwa 3, ndipo cigoli coyamba ca Angelezi anamwetsa ndi iwo. Mu 1957 anatenga cikho ca FA ali ku Aston Villa.

Mu 1961 anabwera kuno, dziko likali Northern Rhodesia, nakhala wosewera ndiponso mphunzitsi wa City of Lusaka. Nthawi imeneyo tsankho la khungu linali lisanatheretu m'masewera, koma iwo anasewera ndi kuphunzitsa ana a dziko lino popanda kusankha. Mu 1964 City inapambana ligi, ndipo mu October caka comweco anatsogolera timu ya Zambia pa masewera okondwerera Ufulu.

Anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 89. Mlendo ameneyu sanabise luso lake, anagawira eni dziko.