J. Edgar Hoover: Adamanga FBI, adasiyanso khoma

John Edgar Hoover adabadwa pa 1 January 1895 mumzinda wa Washington ku America. Ali mnyamata ankagwira ntchito yosanja makadi a mabuku ku Library of Congress, kwinaku akuphunzira zamalamulo madzulo. Mu 1917 adalowa mu unduna wa zachilungamo.

Dzina lake lidayamba kumveka mu 1919, pamene zigawenga zidaphulitsa mabomba m'mizinda ingapo, kuphatikizapo panyumba ya nduna A. Mitchell Palmer. Hoover adapatsidwa ntchito yolemba mayina a oganiziridwa, ndipo anthu zikwizikwi adamangidwa, ambiri popanda umboni.

Mu 1924, ali ndi zaka 29, adasankhidwa kutsogolera nthambi yofufuza milandu yomwe mu 1935 idatchedwa FBI. Adachotsa ogwira ntchito akatangale, adakhazikitsa nkhokwe ya zidindo za zala, ndipo mu 1932 adatsegula labotale yoyezera umboni. Komabe wapolisi ankatamandidwa chifukwa cha anthu omwe wamanga mlandu utachitika kale, osati chiwembu chomwe wachiletsa.

Vuto lina lidali nsanje. Hoover ankaona chinsinsi ngati chuma chake. Bungwe la akazitape la CIA litakhazikitsidwa mu 1947, iye adaliyesa mdani, ndipo mu 1970 adadula njira yomwe mabungwe awiriwa ankapatsirana uthenga. Pulezidenti aliyense mwa asanu ndi atatu omwe adawatumikira sadamuchotse paudindo.

Kuyambira 1956 mpaka 1971, FBI inkazonda ndi kusokoneza mwamseri magulu andale, ndipo Martin Luther King Jr. adali mmodzi mwa ozunzika. Hoover adamwalira pa 2 May 1972 akadali pampando, atalamulira zaka 48. Nkhanzazi zitaululika, malamulo adakhwimitsidwa, ndipo mu 1976 Congress idalamula kuti mkulu wa FBI asamapitirire zaka 10.

Koma chizolowezi chobisirana sichidathe ndi imfa yake. Mu January 2000, zigawenga ziwiri za al-Qaeda, Nawaf al-Hazmi ndi Khalid al-Mihdhar, zidalowa mu America. CIA inkawadziwa anthuwa, koma FBI idayamba kuwasaka kumapeto kwa August 2001. Pa 11 September onse awiri adali m'ndege yomwe idagunda Pentagon. Tsikulo kudafa anthu pafupifupi 3,000.

Komiti yofufuza za ngoziyi idapeza mu 2004 kuti mabungwewa adalephera kugawana zomwe ankadziwa.